Thupi linachepa, koma likubwerera: tithandizane maganizo

Mayi a Tamanda:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe ikundisowetsa mtendere, mwina ena munadutsamo. Chaka chatha adokotala atandiuza kuti BP yakwera ndipo shuga wafika m'malire, ndinalimbikira mpaka ndinataya makilo oposa khumi. Ndinasiya zakumwa zotsekemera ndi mandasi, nsima ndinkadya mtanda umodzi, m'mawa ndinkayenda kaye ndisanakonzekere za kuntchito. Maondo anasiya kuwawa, BP inatsika. Madiresi onse ndinapita nawo kwa telala kuti awabweze. Lero madiresi omwewo akundithina m'khwapa, zipi ya siketi ikukanira pakati. Sikelo ikuonetsa kuti theka la zomwe ndinataya labwerera. Chondiwawa n'choti sindinabwerere ku madyedwe akale, koma njala yomwe ndikumva masiku ano sindinkaimva ndili wonenepa. Ikamakwana 4 koloko madzulo manja amachita kunjenjemera. Alipo pano amene anachepa thupi n'kukhala choncho zaka ndithu? Munatani anzanga?

Nachisale:
Mayi mwandiyankhulira. Kutchalitchi kwathu Januwale aliyense timasala kudya masiku 21, thupi limatsika mpaka anthu kuyamikira. Pofika Isitala zonse zabwerera, pena ndi zoonjezera pamwamba. Ndikudikira nawo mayankho.

Achimwene a ku Joni:
Ndisakunamizeni amayi, nkhani apa ndi kudziletsa basi. Thupi silipanga mafuta ndi mphepo. Sikelo ikamakwera ndiye kuti chilipo chikulowa mkamwa. Kuno ku Johannesburg anzanga akuntchito amagula kota, buledi wa kuno woikamo soseji, ndi chipisi masana aliwonse, ine ndimanyamula nyemba zanga m'kontena. Ndi mtima chabe.

Bambo a Yamikani:
Achimwene, zina mwanena zoona koma si zonse. Ine ndinapalasa kabaza wa njinga yakapalasa zaka zambiri ku Salima. Masana ndinkamenya mitanda itatu ya nsima ndi bonya, thupi lili gwa, mimba kulibe. Nditagula njinga yamoto ndalama inayamba kuoneka, mimba nayo inatulukira pompo. Kudya kunali komweko, chomwe chinasintha ndi miyendo. Lamba atafika pa bowo lomaliza ndinachepetsa nsima ndi mowa wa pa wikendi, mimba inaphwa ndithu. Koma ntchito yanga ndi yokhala pa chishalo kuyambira m'mawa mpaka mdima, ndipo pa siteji pathu chiwaya chili pomwepo. Fungo la chipisi ndi kanyenya limakupeza kasitomala atangokupatsa ndalama m'manja. Munthu ungadziletse Lolemba ndi Lachiwiri, koma chaka chathunthu? Panopa lamba wabwereranso kubowo lija.

Wa ku Bunda:
Ndinaphunzira za zakudya ku Bunda, ndiye mundilole nditalikitseko, chifukwa njala akuinena Mayi a Tamandayi si ya m'maganizo ayi. Inayezedwa.

Mu 2011 madokotala a ku Melbourne, ku Australia, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 50 onenepa omwe anawaika pa chakudya chochepa kwambiri kwa milungu 10. Tikatengera pakatikati, aliyense anataya makilo 13 ndi theka. Patatha chaka anawayezanso magazi. Homoni yotchedwa ghrelin, yomwe imachokera m'mimba kukauza ubongo kuti munthu adye, inali idakali pamwamba kuposa mmene inalili asanayambe. Ina yotchedwa leptin, yomwe imachokera m'mafuta a m'thupi kukauza ubongo kuti chakudya chosungidwa chilipo chokwanira, inali idakali pansi. Anthuwo ankamva njala kuposa kale, chaka chathunthu chitadutsa. Thupi limaona mafuta ake ngati nkhokwe. Nkhokwe ikatsika, ilo silidziwa kuti mwachita dala chifukwa cha BP, limangoti kwagwa chaka cha njala, ndiye limalimbana kuti lidzazenso.

Komanso thupi likachepa limawotcha mphamvu zochepa. Mbali ina n'zosadabwitsa, munthu wa makilo 75 safuna chakudya chofanana ndi chomwe ankafuna ali ndi makilo 90. Koma limatha kuchepetsa kupitirira pamenepo. Ku America kunali mpikisano wa pa TV wochepetsa thupi wotchedwa The Biggest Loser. Kevin Hall ndi anzake a ku National Institutes of Health anatsatira anthu 14 a mumpikisanowo. M'milungu 30 anataya makilo 58 aliyense tikatengera pakatikati. Patatha zaka 6 makilo 41 anali atabwerera, ndipo matupi awo, munthu atangokhala phee, ankawotcha makalori (muyezo wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 500 patsiku ochepera pa omwe munthu wa thupi lotero amayenera kuwotcha. Makalori 500 ndi pafupifupi masupuni aakulu anayi a mafuta ophikira. Izi zinatuluka mu 2016.

Chaka chomwecho Hall ndi anzake anawerengeranso kuti pa kilo iliyonse yomwe munthu wataya, chilakolako cha chakudya chimakwera ndi makalori pafupifupi 100 patsiku. Ndiye taganizirani mayi amene wataya makilo khumi. Chipande chimangotapa nsima yokulirapo pang'ono, supuni ya shuga imadzaza pang'ono, mwana akasiya chakudya m'mbale mayi amamalizitsa. Munthu amalumbira kuti sanasinthe kadyedwe, ndipo sakunama, sakuziona basi.

Achimwene a ku Joni:
Ndiye mukuti tingogonja? Chifukwa anthu akawerenga zimenezi anena kuti si vuto langa, ndi mahomoni, n'kuitanitsa chipisi china.

Wa ku Bunda:
Ayi achimwene, sindikutero. Mwalondola kuti sikelo simakwera popanda cholowa mkamwa. Chomwe ndikukana n'choti inu ndi Mayi a Tamanda mukumenya nkhondo yofanana. Ngati inu simunanenepepo kwambiri, kontena yanu ya nyemba imakukhutitsani. Iwo kontena yomweyo iwasiya ndi njala. Mukamuuza munthu wotere kuti alibe mtima, amachita manyazi, amasiya kukwera sikelo, amasiya kubwera pagulu, ndipo m'pamene zonse zimabwerera.

Anthu osunga thupi alipo. Ku America komweko Rena Wing ndi James Hill anayambitsa kaundula mu 1994 wotchedwa National Weight Control Registry, wa anthu omwe anataya makilo 13 ndi theka kapena kuposa n'kukhala choncho chaka kapena kupitirira. Muli anthu oposa 10,000. Njira zomwe anachepetsera thupi n'zosiyanasiyana, koma zomwe amachita pambuyo pake zimafanana. Anthu 78 mwa 100 alionse amadya chakudya cha m'mawa tsiku lililonse, 75 amadziyeza pa sikelo kamodzi pa mlungu kapena kuposa, 62 amaonera TV maola osakwana 10 pa mlungu, ndipo 90 amachita zolimbitsa thupi pafupifupi ola limodzi patsiku, ambiri kuyenda chabe. Ngakhale mwa anthu a mpikisano aja, omwe anasungako bwino ndi omwe anapitiriza kugwiritsa ntchito thupi kwambiri. Pochepetsa thupi, chachikulu ndi mbale. Posunga, miyendo imafunika kwambiri. Nkhani ya Bambo a Yamikani ikuonetsa zomwezo.

Mayi a Tamanda:
Asisi a ku Bunda, ndawerenga kawiri ndipo misozi inalengeza. Ndinkadziona ngati munthu wolephera. Kuyenda kuja ndinasiya nthawi ya mvula, matope kwathu kuno salola, ndipo mvula itatha sindinayambirenso chifukwa ndinkati ntchito ndinamaliza kale.

Pali china chomwe sindinanene. Thupi litachepa, mtendere pakhomo unachepanso. Apongozi anabwera kuchokera kumudzi, atandiona anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandikokera kukhitchini n'kundifunsa monong'ona kuti, "Mwana wangayu akukuzunzani? Musandibisire." Tsiku lomwelo anapha nkhuku, anaikazinga ndi mafuta ambiri, n'kukhala pambali panga mpaka nditamaliza. Kumpingo amayi ena anayamba kundipatsa moni wachisoni. Wina anachita kundiuza kuti masiku ano mankhwala alipo, ndisaope kupita kukayezetsa. Thupi litayamba kubwerera, anthu omwewo akuti, "Eee, koma tsopano mwaoneka bwino, zikuyenda." Ndiye munthu umalimbana ndi njala, kulimbananso ndi anthu okukonda.

Namwino wopuma:
Mwana wanga, apongozi anuwo musawakwiyire. Ife amene tinali m'mawodi zaka za m'ma 1990 tikudziwa komwe mantha amenewo akuchokera. Boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004, kuonda kunali kulengeza maliro. Palibe banja lomwe silinaone m'bale wake akutha thupi pamphasa. Anthu a msinkhu wathu akaona mwana akuonda, mtima umapita komweko. Onjezanipo njala ya 2002. Kwa iwo thupi ndi umboni woti pakhomo pali chakudya ndi mtendere.

Koma zinthu zatembenuka. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyezo, ndipo m'tauni chiwerengerocho chinali pafupifupi kuwirikiza kawiri cha kumudzi. Zaka zanga zomaliza pantchito, mzere wa BP ndi shuga unkatalika chaka ndi chaka. Ndasambitsa zilonda za kumapazi za anthu a shuga, ndaona sitiroko ikugwetsa amayi a zaka 45 ana ali kusukulu. Apongozi akadzabweranso, atengereni buku lanu la kuchipatala, muwaonetse manambala a BP akale ndi atsopano, muwauze kuti adokotala ndi amene analamula. Akuluakulu amalemekeza mawu a dokotala kuposa mawu oti dayeti.

Za kunjenjemera kwa 4 kolokoko, ngati anakupatsani mankhwala a shuga musazitenge mopepuka, mwina shuga akutsika kwambiri. Kayezetseni nthawi yomweyo mukumva choncho. Ngati simukumwa mankhwala, onani zomwe mumadya masana. Nsima ndi masamba okha sizifika madzulo.

Ndinenenso ziwiri kwa onse. Thupi likamatsika lokha inu osachitapo kanthu, makamaka ndi chifuwa, thukuta la usiku, kapena ludzu ndi kukodza pafupipafupi, chimenecho si chisomo, pitani kuchipatala. Ndipo ena thupi limabwera chifukwa cha mankhwala. Kuyambira 2019 ambiri kuno anasinthidwira ku ma ARV okhala ndi dolutegravir, ndipo kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg anaonetsa kuti ena amanenepa nawo, makamaka amayi. Jakisoni wolera wa miyezi itatu nayenso amanenepetsa amayi ena. Chonde musasiye mankhwala panokha chifukwa cha sikelo. Kawauzeni a kuchipatala, mukambirane.

Slim Queen:
Amayi musavutike, ndili ndi tiyi wochotsa mafuta m'mimba, makilo 8 m'milungu iwiri osasiya nsima. Ndipezeni ku inbox.

Adimini:
Malonda pagulu pano ayi, tinagwirizana kale. Achemwali, uthenga wina wotere tikuchotsani.

Namwino wopuma:
Zikomo a Adimini. Matiyi ambiri oterewa amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba. Chomwe chimachoka ndi madzi, osati mafuta, ndipo munthu wa BP amene akumwa kale mapiritsi okodzetsa akhoza kugwa nazo. M'maiko ena anapezamo sibutramine, mankhwala omwe anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa choika mtima pachiswe. Chilichonse chomwe akuti ndi mankhwala, funsani ngati chinalembetsedwa ku PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala.

Anti a ku Leeds:
Moni kumudzi konko. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti a usiku. Ndinachepa thupi bwino m'chilimwe, dzuwa likamalowa 9 koloko usiku ndinkayenda kupaki ndikaweruka kapena ndisanapite. Ikafika Disembala, 4 koloko kwada kale, kukuzizira, ndani atuluke? Ndiye pa shifiti, 3 koloko m'bandakucha, maso akulemera, pa tebulo la ogwira ntchito pali mabisiketi ndi chokoleti zomwe abale a okalamba amatibweretsera. Ukadya kamodzi dzanja silibwerera. Ndikafika kunyumba ndimagona maola anayi kapena asanu, kudzuka ndili ndi njala ya zotsekemera zokhazokha.

Funso langa kwa asisi a ku Bunda. Kuno anzanga ambiri akudzibaya majakisoni ochepetsa thupi aja, Wegovy ndi Mounjaro, ogula okha. Akuchepa zoonadi. Koma mnzanga wina anasiya chifukwa cha mtengo ndipo thupi likubwerera ndikuona. Ndiye phindu lake n'chiyani?

Wa ku Bunda:
Anti, zomwe mukuona kwa mnzanuyo ndi zomwe kafukufuku anapeza. Pa kafukufuku wa STEP 1, anthu obaya semaglutide, yemwe ndi Wegovy, anataya pafupifupi 15 peresenti ya thupi lawo m'milungu 68. Omwe anawatsatira atasiya jakisoni, pofika chaka anali atabweza magawo awiri mwa atatu a zomwe anataya. Mankhwalawa amatontholetsa njala ija ndaifotokoza, koma sayichotsa. Ukasiya imadzuka. N'chifukwa chake madokotala amawaona ngati mankhwala a nthawi yaitali, monga a BP. Kwa munthu wonenepa kwambiri kapena wa shuga amathandiza ndithu, koma adutse kwa dokotala, ndipo aganizire za thumba lake asanayambe. Ogula pa intaneti kwa anthu osadziwika ndiye ayi, abodza alipo.

Za tulo mwakhudzazo si nkhani yaing'ono. Munthu akagona maola ochepa ghrelin imakwera, leptin imatsika, ndipo chomwe amalakalaka ndi zotsekemera ndi zokhutitsa msanga. Pa shifiti nyamulani chanu chodya cha 3 koloko chija, mazira owiritsa, yogati wopanda shuga, apozi, kuti nthawi yoopsayo ikupezeni muli ndi chogwira. Masana tsekani makatani ochindikala, foni kutali.

Gogo Nasibeko:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndili ku Zomba. Ndinachepa thupi mchemwali wanga atadulidwa mwendo chifukwa cha shuga, ndipo papita zaka zambiri silinabwerere, kupatula makilo awiri atatu omwe amabwera ndi kupita. Ndikuuzeni zomwe ndimachita, mutolepo zokuthandizani.

Ndili ndi mbale yanga yaing'ono yachitsulo, ija ya maluwa m'mphepete. Aliyense pakhomo amadziwa kuti ndi ya agogo. Ndimayamba kuika masamba mpaka theka la mbale, nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, zomwe zapezeka. Kenako nyemba, nandolo, usipa kapena dzira. Nsima imabwera pomaliza, kudzaza malo otsala, ndipo ndili ndi chipande changa chaching'ono chomwe ndinachita kusemetsa. Sindiphika mphika wapadera ayi, ndimadya zomwe adzukulu akudya. Ndikanati ndiziphika zanga ndekha ndikanatopa chaka choyamba.

Mafuta sindithira kuchokera m'botolo. Botolo likapendekeka dzanja silidziwa malire. Ndimathira pa supuni kaye, supuni ziwiri mphika wa banja lonse. Masamba ndikatendera nsinjiro sindithiranso mafuta. Tiyi ndinatsitsa shuga pang'onopang'ono, kuchoka pa masupuni atatu, miyezi ikudutsa, mpaka lero ndimamwa wopanda shuga ndipo wa shuga amandinyansa.

Kumaliro, kuchinkhoswe ndi kuukwati n'kumene anthu ambiri amagwera, chifukwa kwathu kuno Loweruka lililonse kuli kena kake, ndipo kukana chakudya n'kunyoza. Ine sindikana. Ndisananyamuke ndimadya nthochi kapena kambatata kuti ndisafike ndi njala. Akandipatsa mbale ndimalandira ndi manja awiri, ndimathokoza, ndimadya ndiwo ndi mpunga pang'ono, wotsala ndimapatsa mwana ali pafupi. Botolo la zakumwa ndimalandira n'kuika m'chikwama, kunyumba adzukulu amagawana. Palibe amene anadandaulapo.

Lolemba lililonse m'mawa ndimakwera sikelo ndisanadye, n'kulemba m'kope. Ikakwera ndi makilo awiri sindidikira mwezi wamawa, mlungu womwewo ndimachotsa buledi ndi kuonjezera kuyenda. Makilo awiri amachoka msanga. Khumi ndi nkhondo ina. Kumsika ndi kutchalitchi ndimapita wapansi, nthawi ya mvula ndimavala magambutsi ndi kutenga ambulera, ikakula kwambiri ndimazungulira pakhonde wailesi ikulira.

Njala sindinganene kuti inatheratu. Zaka ziwiri zoyamba zinali zowawa. Kenako inafatsa, kapena ndine ndinaidziwa nthawi zake. Yanga imabwera cha m'ma 10 m'mawa ndi madzulo dzuwa likapendeka, ndiye nthawi zimenezo ndimakhala nditakonzeratu kachimanga kowotcha, gwafa kapena mtedza wodzaza kadzanja kamodzi.

Nachisale:
Agogo, Mulungu akudalitseni. Nkhani ya supuni ya mafutayo yandigwira. Kwathu botolo la malita awiri silimaliza mwezi.

Bambo a Yamikani:
Agogo, nanga mgaiwa? Ine anandiuza kuti ukasintha kupita ku mgaiwa ukhoza kudya mmene ungafunire.

Gogo Nasibeko:
Anakunamizani bambo. Ndimadya mgaiwa, koma chipande n'chomwecho chaching'ono.

Wa ku Bunda:
Agogo alondola. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhalamo, umakhalitsa m'mimba ndipo uli ndi michere yambiri. Koma mphamvu zake sizisiyana kwenikweni ndi za ufa woyera. Mitanda itatu ya mgaiwa ndi mitanda itatu basi. Chimodzimodzi thobwa ndi maheu, anthu amati ndi zachikuda ndiye zilibe vuto, koma ndi ufa ndi shuga, ndipo chakumwa sichikhutitsa ngati chotafuna. Bungwe la WHO limati shuga woonjezera asapitirire magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni a tiyi pafupifupi 12, ndipo ndi bwino kwambiri kukhala pa 6. Makapu awiri a tiyi a masupuni atatuatatu, 6 yakwana kale dzuwa lisanakwere. Mowa nawo, bambo, galamu iliyonse ya mowa weniweni ili ndi makalori 7, kuyandikira mafuta omwe ali ndi 9, ndipo suyenda wokha, umaitana kanyenya.

Chomwe ndingaonjezere pa mbale ya agogo ndi kulimbikira zakudya zomanga thupi pa chakudya chilichonse, chifukwa ndi zomwe zimagwira njala nthawi yaitali. Sizifuna ndalama zambiri: nyemba, khobwe, nandolo, soya pieces, usipa, matemba, mazira. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja timaphunzitsa kusikelo ya ana ndi a akulu omwe. Mayi a Tamanda, m'mawa mukamwa tiyi ndi buledi yekha, masana nsima ndi masamba, 4 koloko manja ayenera kunjenjemera. Yesani dzira kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, nyemba kapena nsomba masana.

Komanso musaiwale minofu. Munthu akamachepa thupi amataya mafuta ndi minofu yomwe, ndipo minofu ndi imene imathandiza kuwotcha mphamvu. Jimu si yokakamiza. Kulima, kutunga madzi, kukwera chitunda, kukhala ndi kudzuka pampando kambirimbiri, zonsezo ndi ntchito ya minofu. WHO imati mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za ntchito yopumitsa befu pang'ono, ndi masiku awiri olimbitsa minofu. Wofuna kusunga thupi atachepa aloze kumtunda kwa nambalayo.

Ankolo a ku Ndirande:
Ndilankhuleko kwa abambo anzanga, chifukwa tili chete ngati nkhaniyi ndi ya amayi okha. Ambirife ndi amene timabweza akazi athu m'mbuyo. Mayi akachepetsa mafuta m'ndiwo timakankha mbale, ati ndiwo zosakoma. Akadzuka m'mamawa kukayenda timafunsa kuti akukaonana ndi ndani. Pobwera kuntchito tanyamula chipisi ndi zakumwa, ati chikondi. Pamene ifeyo mimba ili kutsogolo, anthu akutitcha bwana, ife n'kumasangalala. Ine mkazi wanga atayamba, ndinalowa nawo. Timadzuka limodzi kukada, kukwera njira ya kuphiri ndi kubwerera, ndipo ndi nthawi yokhayo yomwe timacheza popanda ana ndi mafoni. Iye akafooka ndimamukoka, ine ndikafooka amandivula bulangete. Mayi a Tamanda, bambo a kunyumba ali mbali iti pankhaniyi?

Mayi a Tamanda:
Ankolo, bambo a Tamanda satsutsa, koma salowa nawo. Amati bola ndiwo zawo zisasinthe. Ndiwawerengera uthenga wanuwu madzulo ano, mwina mawu a bambo mnzawo awamva. Nawonso malaya sakumangika bwino pamimba.

Namwino wopuma:
Muwayese ndi chingwe. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwawo kuyambira kuphazi mpaka pamutu, mudule, mupinde pakati. Chopindacho chizungulire m'chiuno, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, cha pa mchombo. Chikakana kukumana, mafuta a m'mimba achuluka, ndipo amenewo ndi omwe amayenda ndi shuga ndi BP. Abambo ambiri amakana sikelo koma chingwe amachita nacho chidwi.

Achimwene a ku Joni:
Ndawerenga zonse. Za mahomoni ndamva, sindinkazidziwa. Komabe taonani agogo, zonse akuchitazo ndi kudziletsa komwe ndimanena.

Gogo Nasibeko:
Mwana wanga, ine mtima wanga si wolimba kuposa wa Mayi a Tamanda. Mukandiikira mandasi otentha patebulo tsiku lililonse ndidzadya. N'chifukwa chake pakhomo panga sagona. Ndinakonza mbale, chipande, supuni ndi njira ya kumsika kuti ndisamalimbane ndi mtima tsiku ndi tsiku. Bambo a Yamikani chiwaya sangachisamutse, koma akhoza kufika pa siteji atadya kale, ndi chimanga kapena nthochi m'thumba la jekete.

Mayi a Tamanda:
Funso lomaliza kwa asisi a ku Bunda. Poti theka labwerera kale, kodi zomwe ndinavutika chaka chatha zapita pachabe?

Wa ku Bunda:
Ayi mayi. Mukadali ndi makilo asanu kapena kuposa pansi pa pomwe munayambira, ndipo kwa munthu amene shuga ali m'malire zimenezo n'zazikulu. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, wa anthu oposa 3,000 omwe shuga wawo anali m'malire ngati inu, anawapempha kutaya 7 peresenti yokha ya thupi ndi kuyenda mphindi 150 pa mlungu. Zotsatira za mu 2002 zinaonetsa kuti chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Patatha zaka 10, ambiri thupi litabwererako, chiopsezocho chinali chidakali chotsika ndi 34 peresenti. Ine ndikanakhala inu sindikanathamangira kutayanso makilo asanu abwererawo mwezi uno. Ndikanayamba ndi kuimitsa sikelo pomwe ilipa kwa miyezi iwiri itatu, kuyambiranso kuyenda, kukonza chakudya cha m'mawa ndi cha masana kuti njala ya madzulo ifatse. Zikakhazikika, m'pamene mungatsike pang'onopang'ono ndi kadyedwe komwe mungakhale nako ngakhale apongozi ali pakhomo.

Nachisale:
Nanga ife osala kudya, tizimasula ndi chiyani kuti Febuluwale asatibwezere zonse?

Wa ku Bunda:
Achemwali, dziwani kaye kuti makilo oyamba omwe amachoka posala ambiri ndi madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu pamodzi ndi madzi, galamu imodzi ya shugayo ndi madzi pafupifupi magalamu atatu. Mukayambanso kudya zimabwerera m'masiku ochepa, ndiye musadabwe nazo. Pomasula madzulo yambani ndi madzi ndi chipatso, dikirani pang'ono, kenako mbale ya agogo ija, masamba, nyemba kapena nsomba, nsima pomaliza. Tiyi wa shuga ndi mandasi pamimba yopanda kanthu ndi zomwe zimatsegula njala ya usiku wonse. Ndipo amene ali pa mankhwala a shuga kapena oyembekezera afunse kuchipatala asanayambe kusala.

Adimini:
Amene muli ku Lilongwe ndipo mukufuna kuyenda limodzi Loweruka m'mawa, lembani dera lanu pansipa kuti tigawane magulu a oyandikana. A ku Blantyre, Ankolo a ku Ndirande avomera kutsogolera. Tizinyamuka 5:30, aliyense ndi botolo lake la madzi.